Batire ku buti: waya wa 25, 35, 50 kapena 70?

Batire ikakhala pansi pa boneti, waya wochoka pa batire kukafika ku sitata kawirikawiri sakwana ndi mita imodzi yomwe. N'chifukwa chake a fakitale amaikapo waya wooneka wochepa thupi, koma galimoto n'kumalira bwinobwino mpaka kukalamba. Mukaisamutsira ku buti, ulendo wa magetsi aja umatalika kanayi kapena kasanu, ndipo waya yemwe ankakwanira kutsogolo kuja sakwaniranso. Ambiri amakodwa pomwepa. Amadula kachidutswa ka waya wakale, kupita nako ku Malangalanga ku Lilongwe, n'kumuuza wogulitsa kuti, "Achimwene, mundipatse wonga yemweyu mamita asanu."

Zifukwa zosamutsira batire n'zambiri. Wina waika zoimbira zamphamvu, akufuna batire ikhale pafupi ndi amplifier. Wina wasintha injini, malo a batire atha. Wina akufuna batire yaikulu ya N70 pomwe a fakitale anangosiya kamalo ka batire yaing'ono ya NS40. Palinso amene atopa ndi akuba otsegula boneti usiku galimoto ikagona panja. Onsewa amakumana pa funso limodzi: waya wake akhale wamkulu bwanji, ndipo m'kati mwake mukhale chitsulo chanji.

Masamu ake si ovuta

Pa galimoto yonse palibe chipangizo chadyera pa magetsi ngati sitata. Pa injini ya petulo ya 1.3 mpaka 2.0, monga za Sienta, Demio, Tiida kapena Corolla, sitata imakoka ma amp pakati pa 100 ndi 200 ikamazungulitsa injini, ndipo pa kamphindi koyamba kaja, injini isanagwedezeke, imapitirira pamenepo. Ya dizilo ya 2.5 kapena 3.0 imatha kukoka 300 mpaka 500. Nyali, wailesi, mawaipa, zonsezo mukaziphatikiza sizifikako.

Waya aliyense, ngakhale wa kopa wabwino chotani, amadyako mavolti odutsa mwa iye n'kuwasandutsa kutentha. Akatalika amadya ambiri, akachepa thupi amadya ambiri, ma amp akachuluka amadyanso ambiri. Kuti mudziwe kuchuluka kwake, tengani utali wa waya m'mamita, chulukitsani ndi ma amp, chulukitsaninso ndi 0.0175, kenako gawani ndi kukula kwa waya mu mm², ndiko kunenepa kwa chitsulo cha m'kati mwake (manambala aja a 25, 35, 50 ndi 70). Yankho lomwe mupeze ndiwo mavolti otsalira m'njira. Nambala ya 0.0175 ndi ya kopa yekha, musaigwiritse ntchito pa chitsulo china.

Batire yodzaza bwino imawerenga mavolti 12.6, koma sitata ikangoyamba kukoka imatsika kufika cha pa 10 kapena 10.5. Ndiye waya akadyanso volti yathunthu, sitata ikulandira 9 basi. Masana a mu October simudziwa kuti pali vuto. Mudzadziwira m'mawa wa mu June kapena July, chisanu chili pakati, oyilo walimba, batire nayo yafooka ndi kuzizira, injini n'kumangozungulira mwaulesi ana akudikira ulendo wa kusukulu. Pa galimoto zoyendera kompyuta, mavolti akatsika kwambiri kompyutayo imatha kuzima n'kuyakanso, injini n'kumazungulira koma osagwira. Amakaniko ambiri a zamagetsi amatsata lamulo loti waya wa positive asadye kupitirira theka la volti pa nthawi yoliza galimoto, ndipo inenso ndikhala ndikuyezera pamenepo.

Utaliwo musaganizire. Tengani chingwe kapena paipi yothirira maluwa, muiyendetse njira yeniyeni imene waya adzadutse, kukhota konse, kukwera ndi kutsika konse, ndiye muyeze. Corolla ndi yotalika pafupifupi mamita anayi ndi theka, koma waya wake akhoza kudya mamita asanu chifukwa sayenda mowongoka.

Kuyambira wamng'ono

Wa 16 mm² ndingomutchula chifukwa ndi amene wafala masiku ano, makamaka m'mashopu a zipangizo za sola. Pa mamita 5 ndi ma amp 200 amadya mavolti 1.1, kuwirikiza kawiri malire aja. Vuto lake silithera pa kuliza. Alternator ikamatumiza ma amp 80 kumbuyo, kudzaza batire yotsika komanso kudyetsa amplifier, waya yemweyu amadya pafupifupi theka la volti, batire n'kumachedwa kudzaza. Kwa munthu woyenda timaulendo tafupitafupi, kuchoka ku Kawale kupita m'tauni n'kuimika tsiku lonse, batire yotereyi imakhala yanjala masiku onse. Ameneyu musiyeni.

Wa 25 mm² ali ndi malo ake, ngakhale ochepa. Pa mamita 5 ndi ma amp 200 amadya 0.7, ndiye walephera. Koma pa kagalimoto ka injini ya 1.0 ngati Passo kapena Vitz, njira ya waya ikakhala mamita 4 ndipo sitata ikukoka ma amp 120, amangodya 0.34, zomwe zili bwino. Chondidetsa nkhawa ndi chakuti galimoto zathu zimafika kuno zitagwira kale ntchito ku Japan, ndipo sitata yotha mabushi imakoka kwambiri kuposa yatsopano. Waya wa 25 alibe mpata woti akhululukire sitata yokalamba.

Wa 35 mm² ndiye poyambira penipeni. Pa chitsanzo chomwe chija amadya theka la volti ndendende, ndipo popeza galimoto zambiri zazing'ono sizifika pa 200, mpata umakhalapo. Amapindika mosavuta, amabisika pansi pa kapeti m'mbali mwa zitseko, ndipo malagi ake, tizitsulo ta kumapeto kwa waya tomangira pa bawuti, savuta kupeza. Galimoto ya petulo ya masilinda anayi, yosapitirira 2.0, yopanda zoimbira zolemera, ine ndingaike ameneyu osadandaula.

Wa 50 mm² amadya 0.35. Ndi wa galimoto zazitali ngati Noah ndi Voxy, za masilinda sikisi, za injini yosinthidwa, komanso amene ali ndi mabokosi a masipika odzaza buti. Ndi wokwera mtengo ndithu, ndipo kumudutsitsa pa khoma lolekanitsa injini ndi okwera kumafuna kuleza mtima. Komabe ngati mwaima pakati, simukudziwa ngati 35 akukwanirani, ndipo thumba likulola, tengani 50. Waya wamkulu saononga chilichonse pa galimoto. Pali mphekesera yoti waya wonenepa amakankhira magetsi ambiri ku sitata n'kuiotcha, koma ndi bodza: sitata imakoka zomwe ikufuna, ndipo chimene chimaiotcha ndi kuizungulitsa nthawi yaitali pa mavolti ochepa.

Wa 70 mm² ndi wa dizilo, ndipo pamenepa maganizo anga ndi ena. Taonani Hilux imene batire yake mwaiika kumbuyo konyamulira katundu, mamita 6, ma amp 400. Wa 50 adya 0.84. Wa 70 adya 0.6, wapitirirabe malire. Kuti mufike pansi pa theka la volti mufunika wa 95, yemwe ndi chinthambo cholemera, chovuta kupinda, cha ndalama zogulira batire ina. Kunena mosapsatira, pa galimoto ya dizilo batire yolizira isiyeni kutsogolo. Ngati mukufuna magetsi kumbuyo, a firiji kapena nyali za kumunda, ikani batire yachiwiri yodzazidwa kudzera pa relay (swichi yoyendera magetsi) ndi waya wocheperako wokhala ndi fyuzi mbali zonse ziwiri.

M'mashopu a zoimbira sawerenga mu mm², amati "gauge", ndipo nambala ikamachepa waya ndiye akukula. Wa 4 gauge ndi 21 mm², wa 2 gauge ndi pafupifupi 34, wa 0 gauge ndi pafupifupi 53. Choncho 2 gauge ndi mnzake wa 35, 0 gauge ndi mnzake wa 50.

Zolembedwa pa chikopa cha waya

Manambala onsewa amagwira ntchito pokhapokha ngati m'kati muli kopa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo munthu akaona waya wonenepa wa mtengo wotsika mtima umakopeka. Wambiri mwa waya wotchipayu ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa kunja kokha, amene pa paketi amalemba CCA akakhala achilungamo. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 61 peresenti ya kopa. Ndiye kuti 0 gauge wa CCA amagwira ntchito ngati 35 wa kopa, ndipo 4 gauge wa CCA, yemwe amadzaza m'makiti a amplifier, sakufikanso ngakhale pa 16. Kuwonjezera apo, ena amanenepetsa pulasitiki yakunja, chitsulo m'kati n'kukhala chochepa kuposa nambala yolembedwayo, ngati mandasi a isiti wambiri: kunja kutukumuka, mukaluma m'kati muli mphako. Aluminiyamu sagwirizananso ndi chinyezi. Pa malagi amayamba kutuluka kaufa koyera, tinthambo take timathyoka ndi kugwedezeka, ndipo nyengo imodzi ya dzinja imakwanira kuti polumikiza payambe kutentha.

Kumugwira waya wabodza n'kosavuta. Pemphani wogulitsa asende kumapeto, mutenge kanthambo kamodzi, mukapale ndi mpeni. Kopa weniweni amakhalabe wofiirira mpaka m'kati, CCA amaonetsa kuyera ngati siliva mukangopala kawiri. Kapena ingoyang'anani podulidwa pa dzuwa, timadontho toyera timaoneka. Wina amayatsa machesi: kanthambo ka aluminiyamu kamafota n'kugwa nthawi yomweyo, ka kopa kamangoda. Njira imene ndimaikonda ndi sikelo, chifukwa imagwira mabodza onse awiri nthawi imodzi. Mita imodzi ya 35 mm² ili ndi kopa wolemera magalamu oposa 300, ya 50 mm² pafupifupi 450, osawerengera chikopa. Mamita 5 a 50 weniweni ayenera kupitirira makilogalamu awiri ndi kota. Mukaunyamula mkombero wonsewo n'kumva kupepuka, wogulitsa angalumbire bwanji kuti "bwana, iyi ndi orijino," bwezani.

Nanga mukagula kuti? Waya wa makina owotcherera zitsulo ndi amene ndingamuike patsogolo. Ali ndi tinthambo tambirimbiri tating'ono, amapindika mosavuta, chikopa chake ndi cha labala wolimba, ndipo amabwera m'masaizi omwewa a 25, 35, 50 ndi 70. Chofooka chake ndi chakuti labala wina sakonda oyilo ndi petulo, choncho gawo lolowa m'chipinda cha injini livekeni paipi ya pulasitiki ya mizeremizere ija. Waya wotere wabodza aliponso, mpeni musauiwale. Waya wa zoimbira wolembedwa OFC, kutanthauza kopa woyengedwa bwino, akakhala weniweni, ndi wabwino chimodzimodzi, kungoti mumalipiranso kukongola kwa chikopa. Waya wa m'nyumba, wa nthambo zikuluzikulu zisanu ndi ziwiri kapena 19, ndi kopa ndithu koma anapangidwira kukhala phee m'khoma. Pa galimoto yodumpha mahampu ndi mabampu tsiku ndi tsiku, nthambo zake zimatopa n'kuthyokera pa lagi.

Pali njira ina imene ambiri saiganizira: galimoto zophwasulidwa. BMW ya mtundu wa E46, ija ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kufika cha mu 2006, inatuluka ku fakitale batire ili ku buti, ndipo waya wake wofiira wautali anapangidwira ntchito imeneyi. Mukaupeza kwa ogulitsa masipeya akale ku Biwi kapena kwina, onani ngati chikopa sichinang'ambike ndipo kumapeto sikunabiriwire. Galimoto zina zatsopanopo zimakhala ndi waya wa aluminiyamu wochokera ku fakitale, ndiye kupala n'kofunikabe. Waya wopanda mbiri wogulitsidwa pakona, wooneka kuti wadulidwa mothamanga, ameneyo mulekeni. Nthambo za ESCOM zimabedwa chifukwa pali ogula.

Ethi: bodi kapena waya wachiwiri

Magetsi akapita ku sitata ayenera kubwerera ku batire, ndipo njira yobwererayi imadya mavolti monga ya positive. Njira yoyamba ndi kumanga waya wamfupi wa negative pa bodi, pafupi ndi batire, chitsulo cha galimoto n'kugwira ntchito yotsalayo. Chitsulo sichidutsitsa magetsi ngati kopa, koma bodi ndi yaikulu kwambiri mwakuti imakwanira, ndipo opanga galimoto nawonso amatero. Chofunika ndi pomangapo. Palani penti mpaka chitsulo chiwale, sankhani malo ochindikala osati kalata kopyapyala ka pansi pa tayala la sipeya, mangani ndi bawuti yolimba, kenako pakani girisi pamwamba kuti dzimbiri lisalowe. Waya ameneyu akhale wa saizi yofanana ndi wa positive. Kutsogolo nakonso, kale negative inkachoka pa batire kupita ku injini, pano njira ija mwaichotsa, ndiye ikani waya wamkulu wochoka pa injini kupita pa bodi. Mukaiwala, magetsi a sitata amasaka njira yawo kudzera m'timawaya tating'ono kapena kebulo ya giya, n'kuziotcha.

Njira yachiwiri ndi kuyendetsa waya wa negative kuchoka ku buti mpaka pa injini. Imathandiza pa galimoto yodyeka ndi dzimbiri, kapena imene inachita ngozi n'kulumikizidwa ndi owotcherera. Koma mukadalira waya ameneyu yekha, utali wawirikiza: 35 kupita, 35 kubwera, mamita 10, volti yathunthu yapita. Pamenepo mufunika 70 mbali zonse kuti mufanane ndi amene anamanga pa bodi ndi 35. Choncho ngati mukuika waya wachiwiriyu, akhale wothandizira ethi ya pa bodi, osati wolowa m'malo mwake. Pa galimoto za chasisi, monga mapikiapu, bodi imakhala pa malabala, ndiye ethi ipite pa chasisi.

Fyuzi, kapena solenoid

Waya wa ku fakitale wa ku sitata nthawi zambiri alibe fyuzi chifukwa ndi wamfupi. Wanu ndi wa mamita asanu, akudutsa pansi pa mipando, pafupi ndi thanki ya mafuta, ndipo ali ndi moto usana ndi usiku. Akakhuzika n'kugunda chitsulo, batire imatulutsa ma amp mazanamazana nthawi imodzi, kapeti n'kuyaka musanapeze sipanala. Fyuzi ya mtundu wa ANL kapena MEGA iikidwe pafupi ndi batire, pasapitirire masentimita 20. Kukula kwake kumatsata waya: 200 mpaka 250 pa waya wa 35, 250 mpaka 300 pa wa 50. Fyuzi zimenezi zimapirira kukoka kwa kanthawi kwa sitata osapsa. Imodzi yapadera izikhala m'galimoto, chifukwa siipezeka pa golosale.

Ena amaika solenoid, swichi yaikulu yoyendera magetsi, ku buti, kuti waya wamkulu uja azikhala ndi moto pokhapokha kiyi akatembenuzidwa, kenako n'kuyendetsa waya wina wocheperako wokhala ndi fyuzi ya 100 wa alternator ndi zina zonse. N'zotetezeka kwambiri, ndipo pa injini yaikulu imene imapsereza fyuzi ndi nzeru yabwino. Pa Demio ndi Corolla ndikuona kuti ndi kungochulutsa zinthu zoti zidzafe. Fyuzi imodzi yakwana.

Waya adutse m'kati mwa galimoto ngati n'kotheka. Pansi pali ekizozi, miyala, ndi matope a misewu ya ku Area 25 ndi Chinsapo mvula ikayamba. Paliponse pamene akuboola chitsulo pakhale labala wozungulira, osati tepi, ndipo amangidwe pafupipafupi kuti asamakhuzike.

Batire yamadzi ikamadzazidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen, umene umaphulika ukangofika 4 peresenti mu mpweya wotsekeredwa. Pa Sienta, Probox, Fit ndi zina zopanda buti yotsekeka payokha, batireyo ikupumira limodzi ndi okwera. Iikeni m'bokosi lotseka lokhala ndi kapaipi kotulukira pansi, kapena mugule ya AGM, yotsekeratu yosathira madzi, ndipo bokosilo limangidwe ndi mabawuti oboola bodi. Batire ndi yolemera makilogalamu khumi ndi kuposa, pa ngozi imauluka. Galimoto zozimitsa injini yokha pa maloboti, monga Mazda za i-stop, zimakhala ndi sensa pa mutu wa negative, ndipo sensayo iyenera kusamuka limodzi ndi batire. Za hybrid ngati Prius ndi Aqua nkhaniyi siyikuzikhudza, batire yake yaing'ono sizungulitsa sitata, ndipo mawaya a olenji asakhudzidwe n'komwe.

Polumikiza

Mwina munaonapo m'magaraja a pansi pa mtengo: mnyamata asenda waya, aona kuti sakulowa mu lagi, adulako tinthambo tina, alowetsa, aika pamwala, akhoma ndi hamala kawiri, n'kukulunga tepi wakuda. Lagi yaphwatalala, m'mbali mwatsala mipata, ndipo 50 amene munalipira uja wasanduka 30 pamalo pamenepo. Polumikiza pamodzi poipa pakhoza kudya mavolti ofanana ndi mamita anayi a waya wa 35, ndipo kutentha konseko kumasonkhana pa kamalo kamodzi. Gulani malagi a kopa a saizi ya waya wanuyo, bowo lake logwirizana ndi bawuti, ndipo afinyidwe ndi chofinyira cha hydraulic. Amisiri oika sola ndi a magetsi a m'mafakitale a ku Kanengo kawirikawiri amakhala nacho, ndipo ndi ntchito ya mphindi zochepa. Akamaliza kokani lagi ndi mphamvu zanu zonse, isasunthe, ndiye muveke kachubu kofota ndi moto kaja.

Zonse zikamangidwa, musangomvera kulira kwa injini, yezani. Ikani multimeter pa mavolti, waya wake wofiira pa mutu wa positive wa batire, wakuda pa bawuti yaikulu ya sitata. Mufunika kuwonjezera kawaya kakang'ono kuti mufike, kalikonse kakwana chifukwa sikanyamula katundu. Chotsani fyuzi ya pampu ya mafuta kuti injini izungulire osagwira, mnzanu atembenuze kiyi kwa masekondi asanu, inu muwerenge. Pansi pa 0.5 zili bwino. Chitaninso chimodzimodzi kuchoka pa mutu wa negative kufika pa chitsulo cha injini, apa pasapitirire 0.3. Nambala ikakwera kuposa zomwe masamu anu ananena, gwirani malagi limodzilimodzi, komanso pa fyuzi. Pamene pafunda ndi pomwe pakudya mavolti, pamasuleni mupale ndi kufinyanso.